Madisiki akunja akumaduka okha kompyuta ikagona kuchokera pamene ndinachita apudeti

Mjambuli analemba kuti:

Ndikupempha thandizo kwa amene mumadziwa bwino za makompyuta. Ntchito yanga ndi yojambula zithunzi ndi kukonza mavidiyo, ndipo popeza malo osungira zinthu m'kati mwa laputopu yanga ndi ochepa, ntchito zonse ndimazisunga pa madisiki awiri olumikiza kunja. Disiki yoyamba ndi hard disk ya 4 TB, yaing'ono ija ya mainchesi 2.5 imene ilibe chingwe chakechake cha magetsi koma imatenga mphamvu kudzera m'chingwe cha USB chomwecho. Yachiwiri ndi SSD ya 1 TB, disiki yopanda chozungulira m'kati, imene ndinaiika ndekha m'kabokosi kake. Onse awiri ndimawalumikiza pa hub imodzi ya mapoti anayi, pamodzi ndi mawusi ndi kachipangizo kowerengera makhadi a kamera, ndipo hub imeneyo ndi imene imalowa mu laputopu.

Kwa zaka pafupifupi ziwiri ndakhala ndikugwira ntchito motere popanda vuto lililonse. Ndinkatseka laputopu madzulo, m'mawa n'kuitsegula, madisiki ali pomwepo. Masabata awiri apitawa kompyuta inandiuza kuti pali apudeti ya sisitemu, ine ndinavomera, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndikangoisiya kwa kanthawi mpaka kugona, pobwera ndimapeza uthenga wonena kuti disiki sinachotsedwe moyenera. M'mawa mauthenga oterewa ndimawapeza ataunjikana asanu kapena kuposerapo, ngati kuti pali munthu amene wakhala akuzula ndi kulowetsanso chingwe usiku wonse. SSD imabwerera yokha pakadutsa masekondi angapo, koma hard disk sibwerera: kanyali kake kamangophethira, m'kati mukumveka kaphokoso kobwerezabwereza, mpaka nditazula chingwe ndi kuchilowetsanso.

Chimene chandichititsa kulemba lero ndi chakuti dzulo ndinasiya kompyuta ikukopera mavidiyo kuchoka pa khadi kupita pa hard disk, ndipo nditabwerako ndinapeza kukoperako kutaima pakati, foda imodzi ikukana kutseguka. Mafunso anga ndi atatu. Kodi apudetiyi ndi imene yabweretsa vutoli? Ngati ndi choncho, kodi ndi nzeru kubwerera ku sisitemu yakale? Kapena kodi kaphokoso kaja kakusonyeza kuti hard disk yayamba kufa, ndipo apudeti yangokumanizana nazo?

Mkonzi wa Makina analemba kuti:

A Mjambuli, pepani ndi zimene zakuchitikiranizi. Ndiyamba ndi funso lanu lachitatu chifukwa ndikuona kuti ndi limene likukusowetsani mtendere. Malinga ndi mmene mwafotokozera, sindikuganiza kuti hard disk yanu ikufa. Disiki imene yayamba kufa imavuta nthawi ina iliyonse, ngakhale mukugwira ntchito kompyuta ili maso, pamene yanuyi ikuvuta pa nthawi imodzi yokha, pogona ndi podzuka kompyuta. Komanso SSD, imene ilibe chilichonse chozungulira m'kati mwake, ikuduka pa nthawi yomweyo. Madisiki awiri osiyana mapangidwe chonchi sangayambe kuwonongeka tsiku limodzi. Tiyang'ane pa zimene akugawana, zomwe ndi hub, poti ya pa laputopu, ndi mmene sisitemu ikuyendetsera magetsi a pa potiyo.

Kompyuta ikamagona imauza zipangizo zonse za USB kuti zichepetse kugwiritsa ntchito magetsi, ndipo makompyuta ena amadula kumene magetsi a pa mapoti. Ikamadzuka imayembekezera kuti chipangizo chilichonse chiyankhe m'kanthawi kochepa. Disiki ikachedwa kuyankha, kapena ikayankha ngati chipangizo chachilendo chimene changolumikizidwa kumene, sisitemu imaona ngati disiki imene inalipo poyamba inazulidwa mosatsanzika, ndipo ndi pamene mumaona uthenga uja. Mauthenga akuunjikana m'mawa chifukwa makompyuta a masiku ano sagona tulo tokhazikika usiku wonse: amadzuka kangapo sikirini ili yozima kuti achite ntchito zing'onozing'ono, kenako n'kugonanso, ndipo ulendo uliwonse disiki imaduka. Pa Mac mungaone zimenezi polemba pmset -g log mu Terminal, pulogalamu yolembamo malamulo a kompyuta, pamene mudzapeza mizere yolembedwa DarkWake pamodzi ndi nthawi yake. Pa Windows, lamulo la powercfg /a limakuuzani ngati kompyuta yanu imagona tulo takale totchedwa S3 kapena tamakono totchedwa S0 Low Power Idle, ndipo mu Event Viewer disiki imene yazulidwa mwadzidzidzi imalembedwa ndi nambala 157.

Tsono apudeti ikulowa pati? Imatha kusintha madiraiva a USB, timapulogalamu timene sisitemu imayendetsera zipangizo, imatha kusintha nthawi imene kompyuta imadikira chipangizo podzuka, komanso nthawi zina imasintha makonzedwe a magetsi amene munthu anawakonza kale n'kuiwala. Zimachitikadi ndithu. Mwachitsanzo, macOS Sonoma 14.4 itatuluka mu Marichi 2024, ma hub ena a USB olumikizidwa ku masikirini akunja anasiya kuzindikirika, ndipo Apple inatulutsa 14.4.1 mwezi womwewo, imene inatchula vuto limeneli pakati pa zimene inakonza. Choncho choyamba onani ngati pali apudeti ina yaing'ono imene yatuluka pambuyo pa imene munaikayo.

Komabe, mwa zimene ndaona pa ntchito yanga, nthawi zambiri apudeti imangovumbula kufooka kumene kunalipo kale. Poti ya USB 2.0 imapereka mamiliampu 500 pa mavoti 5, ndipo ya USB 3.0 imapereka mamiliampu 900, amene ndi mawati 4.5. Mapoti ena a USB-C amapereka zochulukirapo, koma hub yopanda magetsi akeake imangogawa chimene yalandira kwa zipangizo zonse zimene zalumikizidwa. Hard disk ya mainchesi 2.5 imafuna mphamvu yambiri pa mphindi imene ikuyamba kuzungulira, imatha kukoka pafupifupi ampu imodzi yathunthu, kenako ikakhazikika imafuna yocheperapo. Kompyuta ikadzuka, zipangizo zonse zinayi zimayamba nthawi imodzi. Kaphokoso kobwerezabwereza kamene mukumva kangakhale disiki ikuyesa kuzungulira, magetsi n'kutsika, n'kuyesanso. Mwina sisitemu yakale sinkadula magetsi a pa poti pogona, ndiye kufooka kwa hub sikunkaoneka.

Popeza simunatchule sisitemu imene mukugwiritsa ntchito, ndifotokoza mbali zonse ziwiri. Pa Windows, pitani ku Power Options, mulowe mu makonzedwe a Advanced, muzimitse USB selective suspend, ndipo pa Turn off hard disk after muike 0. Kenako mu Device Manager, pansi pa Universal Serial Bus controllers, tsegulani USB Root Hub iliyonse ndi hub ina iliyonse imene yalembedwa pamenepo, ndipo pa tsamba la Power Management muchotse chizindikiro chololeza kompyuta kuzimitsa chipangizocho pofuna kusunga magetsi. Pa Mac, zimitsani Put hard disks to sleep when possible, kapena lembani sudo pmset -a disksleep 0. Ngati ndi laputopu ya Apple silicon, kutanthauza yokhala ndi purosesa yopangidwa ndi Apple yomwe, onaninso Allow accessories to connect mu Privacy & Security, makonzedwe amene anabwera ndi macOS Ventura mu 2022, chifukwa amalamulira ngati chipangizo chingalumikizidwe kompyuta ili yokhoma.

Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi chakuti musasinthe zonse nthawi imodzi. Usiku woyamba lumikizani hard disk yokha mwachindunji ku laputopu, popanda hub, osakhudza makonzedwe alionse. Usiku wachiwiri chitani chimodzimodzi ndi SSD. Mukatero mudzadziwa pamene pali vuto. Za kubwerera ku sisitemu yakale, ndingati dikirani kaye. Windows imalola kubwerera m'masiku 10 pambuyo pa apudeti yaikulu, ndipo inu mwati papita masabata awiri. Pa Mac kubwerera kumafuna kufufuta disiki ya m'kati ndi kuikanso sisitemu. Ndi ntchito yaikulu pa vuto limene mwina chingwe chimodzi chingathetse, ndipo mungatayenso zokonza za chitetezo zimene zinabwera ndi apudetiyo.

Wosunga Mafayilo analemba kuti:

Bambo Mkonzi afotokoza bwino ndipo sindikutsutsa chilichonse pa zimene anena, koma ndikusiyana nawo pa chimene chiyenera kuyamba. A Mjambuli, musanayese chilichonse chimene chingachititse kuti hard disk idukenso, koperani kaye zonse zofunika pa disiki ina. Mwanena kuti foda imodzi ikukana kutseguka, ndipo kwa ine chimenecho ndi chachikulu kuposa mauthenga amene akukusokonezani m'mawa. Kuyesa kwa usiku kumene Bambo Mkonzi anena ndi kwabwino, koma kuyesa kulikonse kumene kwalephera ndi kuduka kwinanso pa disiki imene yavulala kale.

Ndikufunseni: disikiyo inakonzedwa ndi dongosolo liti losungira mafayilo? Anthu ambiri ojambula amagwiritsa ntchito exFAT chifukwa imawerengeka ndi kulembeka pa Windows ndi pa Mac pomwe. Vuto lake ndi lakuti exFAT ilibe kaundula amene amalemba zimene disiki ikufuna kusintha isanasinthe. NTFS ya pa Windows ili naye kaundula ameneyu, Mac OS Extended Journaled ya pa Mac ilinso naye, ndipo APFS, imenenso ndi ya pa Mac, imadziteteza m'njira ina, yolemba zosintha pamalo atsopano isanasiye zakale. Madongosolo amenewa akadulidwa pakati pa kulemba, kawirikawiri amabwerera pabwino okha, ndipo chimene mumataya ndi fayilo imene inali kulembedwa. Pa exFAT kuduka pa nthawi yolakwika kumatha kuwononga mndandanda wa foda yonse, kotero kuti mafayilo alipo pa disiki koma sisitemu sikudziwa pamene ali. Ndikukayikira kuti zimenezi ndi zimene zachitika pa foda yanu ija.

Dziwaninso kuti kompyuta ikakuonetsani kuti yamaliza kukopera, si nthawi zonse pamene zonse zafikadi pa disiki. Sisitemu imatha kusunga zina mu RAM, memore yogwirira ntchito ya kompyuta, kwa kanthawi kuti ntchito ifulumire. Kuyambira pa Windows 10 ya vesheni 1809, madisiki akunja amaikidwa pa Quick removal, imene siisunga zolemba motero, koma anthu ena amasintha okha n'kuika Better performance pofuna liwiro, kenako n'kuiwala. Ngati munachita zimenezi, bwezerani pa Quick removal mpaka vutoli litatha.

Ndondomeko imene ine ndingatsate ndi iyi. Lumikizani hard disk mwachindunji, laputopu ili pa chaja, ndipo muiletse kugona mpaka kukopera kutatha. Pa Mac lamulo la caffeinate limachita zimenezi malinga windo ya Terminal ikhale yotsegula ndipo laputopu isatsekedwe. Koperani mafoda onse amene akutseguka. Mukamaliza ndi pamene muyendetse chkdsk pa Windows kapena First Aid ya mu Disk Utility pa Mac, osati musanakopere, chifukwa mapulogalamu okonzawa cholinga chawo ndi kuwongola dongosolo la disiki, ndipo nthawi zina amachita zimenezo potaya zidutswa za mafayilo zimene sakuzimvetsa. Khadi ya kamera ija musaifufute ndiponso musajambulirepo china mpaka mutatsimikiza kuti mavidiyo onse afika bwino kwina.

Pali kanthu kena kamene kamaopsa anthu ambiri pa Mac. Disiki ya exFAT ikaduka mosayenera, poilumikizanso imatha kukhala nthawi yaitali osaoneka, kanyali kake kakuphethira, chifukwa sisitemu ikuifufuza mwakachetechete ndi pulogalamu yotchedwa fsck_exfat, imene mungaione mu Activity Monitor. Pa disiki yaikulu yodzaza mafayilo kufufuzaku kumatenga nthawi. Munthu amaganiza kuti disiki yakana, amazula chingwe pakati pa kufufuzako, n'kuonjezera vuto. Choncho mukaona kanyali kakuphethira koma mkokomo wa disiki uli wabwinobwino, idikireni. Kaphokoso kobwerezabwereza kaja ndi nkhani ina, imene Bambo Mkonzi afotokoza kale.

Wamagetsi analemba kuti:

Ndiwonjezere chimodzi pa SSD. M'kabokosi kalikonse kotere muli kachipangizo kakang'ono kamene kamamasulira pakati pa USB ndi disiki ya m'kati, ndipo kali ndi firmware yakeyake, pulogalamu ya m'kati imene imakayendetsa. Kabokosi kanga kankachita ngati kanuko: kompyuta ikadzuka, SSD inkaduka n'kubwereranso. Ndinasintha makonzedwe onse a magetsi koma sizinathandize, mpaka pamene ndinaika firmware yatsopano imene opanga kabokosiko anatulutsa. Ngati mungachite zimenezi, tengani firmware ya kabokosi kanu kenikeni kuchokera kwa amene anakapanga, chifukwa mabokosi awiri ooneka mofanana kunja amatha kukhala ndi zipangizo zosiyana m'kati, ndipo firmware yolakwika imatha kupha kabokosi. Yesaninso chingwe china chachifupi. Zingwe za USB-C zimaoneka zofanana, koma zina, makamaka zimene zimabwera ndi machaja, zimanyamula deta pa liwiro la USB 2.0 lokha, ndipo chingwe chimene chapindikapindika pafupi ndi mutu chimatha kugwira ntchito masana onse n'kumalephera pa mphindi yodzuka yokha.

Mjambuli analemba kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinafuna kuyesa kaye kwa masiku angapo.

Mayi Wosunga Mafayilo, munaganiza molondola, hard disk ili pa exFAT. Ndinatsatira ndondomeko yanu: ndinabwereka disiki ina, ndinakopera zonse laputopu ili pa chaja, ndipo zinatenga usiku wonse. Nditayendetsa pulogalamu yokonza, foda ija inatseguka, koma mavidiyo awiri amene ankakopedwa pa nthawi ya kuduka anali oonongeka, amasewera masekondi ochepa n'kuima. Mwamwayi ndinali ndisanafufute khadi, choncho ndinawakoperanso. Ndivomereze kuti ndikanapanda kuwerenga uthenga wanu, khadi imeneyo ndikanaifufuta tsiku lomwelo chifukwa ndinali ndi ntchito ina m'mawa mwake.

Bambo Mkonzi, kuyesa kwanu kwasonyeza zinthu momveka. Hard disk italumikizidwa mwachindunji inakhala mausiku atatu osaduka, ndipo ndisanasinthe makonzedwe alionse. Podzuka ndinamva ikuyamba kuzungulira kamodzi kokha, bwinobwino, popanda kaphokoso kaja. Nditaibwezera pa hub, ndinagoneka kompyuta kwa mphindi 15 zokha ndipo uthenga unabwereranso. Ndinapitanso ndi hub ndi madisiki onse kwa mnzanga amene kompyuta yake ili ndi sisitemu yosiyana ndi yanga, ndipo kumenekonso hard disk inalephera kudzuka titalumikiza zipangizo zonse zinayi. Choncho ndasiya kuimba mlandu apudeti yokha. Ndapeza hub ina yokhala ndi chaja yakeyake yolowa pakhoma, ndipo hard disk sinadukenso.

Chotsala ndi SSD. Imeneyi ikudukabe mwa apo ndi apo, ngakhale italumikizidwa mwachindunji, mwina kamodzi pa mausiku atatu. Ndasintha chingwe monga a Wamagetsi ananenera, ndazimitsanso makonzedwe ogoneka madisiki, koma kusintha kwake ndi kochepa. Ndafufuza kwa opanga kabokosi ndipo sindinapeze firmware yatsopano. Kodi ndingoletseratu kompyuta kugona, kuti nkhaniyi ithe?

Mkonzi wa Makina analemba kuti:

A Mjambuli, mwachita bwino kuyesa pa kompyuta ina, chifukwa zimenezo zatsimikizira nkhani ya hub kuposa mmene mawu anga akanachitira. Mayi Wosunga Mafayilo analondola kuti kukopera kuyambe. Ine ndinathamangira kufufuza gwero.

Pa SSD, makonzedwe ogoneka madisiki sakanathandiza kwambiri, chifukwa amanena za kupumitsa disiki pamene kompyuta ili maso, pamene vuto lanu likuchitika kompyuta yonse ikagona. Popeza chingwe mwasintha ndipo hub mwaichotsa panjira, wotsala ndi kachipangizo ka m'kabokosi kamene a Wamagetsi anatchula. Zipangizo zimenezi zimapangidwa ndi makampani ochepa, monga ASMedia, JMicron ndi Realtek, ndipo System Information pa Mac kapena Device Manager pa Windows nthawi zambiri imaonetsa dzina kapena nambala ya wopanga. Mukadziwa chimene chili m'kabokosi kanu, bwerekani kabokosi kokhala ndi chipangizo cha mtundu wina, muikemo SSD yomweyo, muone ngati idzadukanso. SSD yeniyeniyo simufunika kuisintha.

Kuletsa kugona ndi njira yabwino pa nthawi imene kompyuta ili pa tebulo, ili pa chaja, ndipo ikukopera kapena kukonza vidiyo. Sikirini ikhoza kuzima payokha kompyuta ili maso, ndipo masisitemu onse awiri amalola kukonza zimenezi pa chaja mosiyana ndi pa batire. Koma musaletse kugona pa batire, chifukwa tsiku lina mudzaika laputopu m'chikwama ili maso, idzatentha ndipo batire idzatha. Madzulo mukamaliza ntchito, tsekani pulogalamu ya mavidiyo, chotsani SSD kudzera mu sisitemu, kenako tsekani laputopu. Disiki imene yachotsedwa moyenera ilibe chimene ingataye ngakhale magetsi a pa poti atadulidwa kangati usiku.

Popeza tsopano muli ndi kope lina la zonse za pa hard disk, ino ndi nthawi yabwino yoganizira ngati exFAT mukuifunadi. Ngati disikiyo imagwira ntchito pa kompyuta yanu yokha, ikonzeninso ndi NTFS kapena APFS malinga ndi sisitemu yanu, ndipo exFAT muisiyire disiki yaing'ono yoperekera ntchito kwa anthu ena. Musanaifufute, tsegulani mafayilo angapo a pa kope lija, makamaka mavidiyo aakulu, ndipo muwasewere mpaka kumapeto kuti mutsimikize kuti anakopedwa athunthu.